Kugula mountain bike koyamba: zoyenera kuona ndalama isanachoke m'thumba

Nyengo yokolola ikadutsa, ndalama ya fodya, soya kapena mtedza n'kulowa m'thumba, malo ogulitsira njinga amadzaza. Ena mwa ogula amakhala makolo amene mwana wawo wasankhidwa kupita kusekondale yoyendera yomwe ili kutali ndi kwawo. Ena ndi anthu ongodzipereka pantchito zaumoyo amene atopa ndi kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi kukaona odwala. Palinso amene adauzidwa kuchipatala kuti BP kapena shuga yawo ikufuna thupi lizichitako zolimbitsa. Maso a ambiri mwa anthuwa amagwera panjinga ya matayala onenepa ndi magiya ambirimbiri, imene timangoitchula kuti mountain bike.

Njinga yotere ikasankhidwa bwino imakwera zitunda zomwe mwini njinga wamba amatsika n'kumakankha, ndipo siiopa mchenga kapena miyala. Ikasankhidwa molakwika, pakatha miyezi itatu mumaipeza yatsamira kukhoma ikudikira chipangizo chimene sichipezeka m'boma lonse. Nthawi zina imagwetsa mwini wake pamalo otsetsereka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. N'chifukwa chake kusankha njinga ndi nkhani yaumoyo ndithu.

Idapangidwira chiyani?

Njingayi idabadwira m'dera la Marin, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata akumeneko ankatenga njinga zakale zolemera n'kumathamanga nazo potsika mapiri m'misewu yafumbi. Mpikisano wawo wotchuka wa Repack udayamba mu 1976, ndipo dzinalo lidabwera kaamba koti girizi wa m'buleki ankapsa ndi kutentha moti ankayenera kuikamo wina akafika m'munsi. Mu 1977 Joe Breeze adapanga felemu yoyamba yokonzedwera ntchito imeneyi, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized idatulutsa njinga ya Stumpjumper, imodzi mwa zoyamba kupangidwa zambiri kufakitale. Masewerowa adalowa m'mpikisano wa Olympics mu 1996 ku Atlanta.

Mbiriyi ikutiuza chinthu chofunika kwa wogula wa kuno: njingayi adaipanga kuti inyamule munthu mmodzi pamsewu woipa. Sadaipangire thumba la chimanga la makilogalamu 50, matumba a makala kapena ntchito ya kabaza. Makaliyala ambiri amene amamangidwa panjinga zotere amalembedwa kuti asapitirire makilogalamu 25, ndipo njinga zina zilibe n'komwe mabowo omangirapo kaliyala.

Choncho funso loyamba likhale la ntchito. Ngati ndinu wodzipereka pazaumoyo ndipo mumangonyamula kaundula, sikelo yaing'ono ndi chikwama chamankhwala m'dera la zitunda ngati Ntcheu, Neno, Thyolo kapena Rumphi, magiya akuthandizani kwambiri. Koma ngati nthawi zambiri mudzanyamula munthu kupita naye kuchipatala kapena katundu wolemera, funani njinga yonyamulira katundu. Mwachitsanzo, njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene imapezeka m'dziko muno, kaliyala wake adamupanga kuti anyamule makilogalamu 100.

Ikhale ya msinkhu wanu

Cholakwika chofala pakati pa makolo ndi kugulira mwana njinga yaikulu poganiza kuti akula nayo. Malaya aakulu mwana amangopinda manja, koma njinga yaikulu imamulepheretsa kuponda pansi msanga, kufinya mabuleki ndi kukhota. Matayala a njinga za ana amayezedwa m'mainchesi: 20 kwa ana ang'onoang'ono a kupulaimale, 24 kwa okulirapo, ndipo 26 ndi ya achinyamata ndi akuluakulu. Chimene chimalamula ndi kutalika kwa mwanayo, choncho pitani naye kokagula.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Wokwerayo aime njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ataponda pansi bwinobwino. Pakati pa thupi lake ndi chitsulo chopingasa chija chochokera kuchishalo kupita kuhandulo patsale mpata wa masentimita 5 kapena kuposerapo, womwe ndi pafupifupi zala zitatu. Mpata umenewu ndiwo umamupulumutsa akadumpha mwadzidzidzi pachishalo.

Kenako akhale pachishalo, wina atamugwirira njinga, aike chidendene papedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Akamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi monga zimafunikira, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo ndiye muyeso wake. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, pomwe chokwera kwambiri chimachititsa chiuno kugwedezeka uku ndi uku. Pachitsulo chonyamula chishalo pamakhala mzere wosonyeza polekezera pokweza. Mukaona kuti mpaka mzerewo waonekera panja kuti mwendo uwongoke, njingayo njaing'ono kwa inu.

Manja afike pahandulo zigongono zili zopindika pang'ono, popanda kudzikoka. Mafelemu ambiri amalembedwa S, M, L kapena XL, koma makampani amasiyana miyeso, kotero zilembozo zisalowe m'malo mwa kukwera ndi kuyesa.

Mabuleki ndiwo moyo

Pali mitundu itatu ya mabuleki imene mungakumane nayo. Woyamba ndi wa timalabala tiwiri timene timafinya limu. Ndi wotchipa, ndipo wokonza njinga aliyense pamsika amaudziwa, koma mphamvu yake imachepa limu ikanyowa kapena ikadzola matope. Wachiwiri umafinya kambale kachitsulo kamene kali pakati pa gudumu ndipo umakokedwa ndi waya. Umagwira bwino ngakhale m'dzinja chifukwa kambaleko kali kutali ndi matope. Wachitatu ndi wa kambale komweko koma woyendera mafuta m'kapaipi. Ndi wamphamvu koposa, koma ukadontha umafuna mafuta akeake ndi mmisiri wa zida zake. Kwa munthu wokhala kutali ndi tauni, mitundu iwiri yoyambayo ndiyo yosavutitsa.

Poyesa, finyani buleki iliyonse payokha n'kukankha njinga. Gudumu ligwire nji, ndipo chofinyiracho chisafike pokhudza handulo. Kwa mwana, onetsetsani kuti zala zake zikufika pachofinyira dzanja lisanachoke pahandulo.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Njinga zochokera kumaiko oyendetsa kumanzere, monga Britain ndi Japan, nthawi zambiri buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, pomwe zochokera ku America imakhala kudzanja lamanzere. Pamsika wa kuno zonsezi zimasakanikirana. Dziwani dzanja limene likugwira gudumu lakutsogolo musanakwere, chifukwa buleki yakutsogolo ndiyo yamphamvu, ndipo kuifinya mwadzidzidzi potsetsereka kumaponya munthu kudutsa pamwamba pa handulo.

Chikomekome cha nkuyu

Njinga zimene zimakopa maso kwambiri m'masitolo ndi zija zili ndi sipuling'i yaikulu pakati, pansi pa chishalo. Panjinga zodula za mipikisano, chipangizo chimenechi chimagwiradi ntchito. Koma panjinga yotchipa chimangowonjezera kulemera, chimadya mphamvu zanu chifukwa njinga imangodumphadumpha mukamapalasa, molumikizira mwake mumayamba kugwedera msanga, ndiponso chimakulepheretsani kumanga kaliyala. Woyamba kumene asankhe njinga ya felemu yolimba kumbuyo, ya masipuling'i kufoloko yakutsogolo kokha, kapena yopanda masipuling'i n'komwe. Matayala onenepa paokha amachepetsa kale kugwedezeka.

Chiwerengero cha magiya nachonso chisakunyengeni. Njinga ya magiya 21 imakhala ndi mano atatu kutsogolo ndi 7 kumbuyo, ndipo imakwanira pafupifupi chitunda chilichonse chimene mungakumane nacho. Chofunika n'chakuti giya yopepuka kwambiri ikuloleni kukwera muli chikhalire, komanso kuti tcheni chizisintha popanda kudumpha kapena kugwa. Pemphani wogulitsa anyamule gudumu lakumbuyo, inu muzungulitse pedulo n'kudutsa m'magiya onse mmodzimmodzi.

Felemu imakhala yachitsulo kapena ya aluminiyamu. Yachitsulo ndi yolemererapo ndipo imachita dzimbiri, koma ikathyoka owotcherera a pamsika amatha kuilumikiza. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, koma kuiwotcherera kumafuna makina apadera. Maginito amakuuzani: amakakamira kuchitsulo koma ku aluminiyamu amagwa.

Musanalipire, pitani kaye kwa wokonza njinga wa kwanu mukamufunse zipangizo zimene amazipeza mosavuta. Matayala a njingazi alipo a mainchesi 26, 27.5 ndi 29. Awiri omalizawo ndi atsopano ndipo amadutsa bwino pamiyala, koma a 26 ndiwo adafala kalekale, moti tayala ndi chubu chake n'zosavuta kupeza m'misika yambiri. Onaninso valavu ya chubu. Ina ndi yonenepa ngati ya galimoto, ina ndi yowonda ya kamutu kopotokola, ndipo si pampu iliyonse imene imalowa zonse.

Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito

Njinga yakale ya kampani yodziwika nthawi zambiri imaposa yatsopano yotchipa ya mtengo wofanana, bola muiyang'ane modekha komanso masana. Pukutani fumbi m'malo onse owotcherera, makamaka pakhosi pamene foloko imalowa m'felemu ndi pansi pamene pamazungulira mapedulo. Mukaona mng'alu, ngakhale wonga tsitsi, kapena utoto wotukumuka mozungulira chitsulo, isiyeni. Felemu yong'aluka imathyoka popanda kuchenjeza.

Zungulitsani gudumu lililonse muone ngati likuyenda mowongoka, ndipo finyani masipoko awiriawiri kuti mumve ngati ena ali olefuka. Gwirani buleki yakutsogolo n'kugwedeza njinga kutsogolo ndi kumbuyo: kugogoda kukamveka pakhosi, mabering'i atha kapena amasuka. Mano a magiya akasongoka ngati minga, ndiye kuti tcheni ndi manowo zatha, ndipo mtengo wosinthira uchotsedwe pamtengo wa njinga.

Magudumu a njinga zambiri zotere samangidwa ndi manati koma ndi kachitsulo kopinda ndi dzanja. Kachitsuloka kayenera kulimba potseka mpaka kusiya chidindo pachikhatho. Kakatsekedwa mwaulesi, gudumu lakutsogolo likhoza kuchoka njinga ikuyenda.

Pomaliza, tembenuzani njinga. Pansi pa felemu, pakati pa mapedulo, nthawi zambiri pamakhala nambala yodindidwa. Ilembeni ndipo ionekenso pa lisiti. Nambala yofufutidwa dala ndi chizindikiro choti njingayo ikhoza kukhala yobedwa.

Chipewa chikhale mu bajeti

Ambiri amathera ndalama yonse panjinga n'kunena kuti chipewa adzagula mwezi wamawa. Koma masabata oyamba, munthu asanaizolowere njinga, ndiye nthawi imene kugwa kumakhala pafupi. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya New South Wales ku Australia, Jake Olivier ndi Prudence Creighton, adaunika kafukufuku 40 wokhudza okwera njinga oposa 64 000 amene adavulala. Adapeza kuti chipewa chimachepetsa chiopsezo chovulala m'mutu ndi 51 peresenti, kuvulala kwambiri m'mutu ndi 69 peresenti, ndipo imfa yobwera kaamba kovulala m'mutu ndi 65 peresenti.

Chimene chimateteza si pulasitiki yakunja ija ayi, koma chinthu chopepuka cha mkati, chofanana ndi chija amatchinjirizira wailesi kapena TV m'katoni. Mutu ukamenya pansi, chinthucho chimaphwanyika n'kumwa mphamvu imene ikadafika kuubongo. Chikaphwanyika sichibwereranso, kotero chipewa chimene chamenyedwa kwambiri kamodzi chitayidwe ngakhale kunja chikuoneka chabwino. Apa ndi pamene pali vuto la zipewa za pakaunjika: simudziwa zimene zidakumana nazo. Ngati palibe kuchitira mwina, chiyang'aneni mkati monse ngati mulibe ming'alu kapena malo ophwanyika. Funani kapepala komatidwa mkati kolembedwa EN 1078 kapena CPSC, zomwe ndi zizindikiro zoti chidayesedwa motsatira malamulo a ku Ulaya kapena ku America. Chipewa cha omanga nyumba sichilowa m'malo, chifukwa adachipangira zinthu zogwa kuchokera kumwamba.

Chipewa chikhale chowongoka pamutu, chitaphimba chipumi, mpata wa zala ziwiri kuchokera pansidze. Zingwe za m'mbali zikumane pansi pa khutu, ndipo pansi pa chibwano palowe chala chimodzi kapena ziwiri basi. Mukapukusa mutu chisagwedere. Mwana achivule akatsika n'kuyamba kusewera kapena kukwera mitengo, poti chingwe chikakola panthambi chikhoza kumutsamwitsa.

Zina zofunika kukhala nazo

Woyendetsa galimoto sangapewe munthu amene sakumuona. Njinga zambiri za mtunduwu zimagulitsidwa zopanda nyali, choncho gulani yoyera yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo, kuphatikizapo belu ndi zonyezimira. Chovala chonyezimira ngati chija amavala a kabaza n'chotchipa poyerekeza ndi tsiku limodzi m'chipatala. Yendani kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto, ndipo kwezani dzanja musanakhote.

Valani nsapato zotseka, chifukwa masilipasi amaterereka papedulo. Njingazi zilibe chophimba tcheni, kotero chitenje, siketi yaitali kapena mwendo wa thalauza zikhoza kukodwa m'mano. Zimangeni kapena kuzipinda musanakwere. Musanyamule mwana wamng'ono pakaliyala popanda poika mapazi ndi chotchinga masipoko. Phazi la mwana likalowa m'masipoko khungu la chidendene limasupuka, ndipo nthawi zina fupa limathyoka.

M'chikwama musasowe pampu, zigamba ndi guluu wake, chubu chapadera, zochotsera tayala, timakiyi ta makona 6 timene timamasula mabawuti ambiri a njingazi, ndi botolo la madzi. M'miyezi yotentha ya October ndi November, nyamukani m'mamawa ndipo muzimwa madzi musanamve ludzu lalikulu.

Masabata oyamba

Yambani pabwalo la mpira kapena malo ena athyathyathya opanda magalimoto. Phunzirani kufinya mabuleki onse awiri pamodzi pang'onopang'ono. Sinthani giya mukupalasa mopepuka, ndipo sinthani musanafike pachitunda, chifukwa kusintha mukukankha ndi mphamvu kumadula tcheni. Potsika, imirirani pang'ono pamapedulo, mapazi ali pamuyeso umodzi, thupi mulibweze chakumbuyo, maso ayang'ane kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa mwala, mumaugunda.

WHO imalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pasabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 patsiku. Kupalasa mphindi 30 masiku asanu pasabata kwakwanitsa kale muyeso wa munthu wamkulu, ndipo sikupweteka mawondo ngati kuthamanga. Liwiro labwino ndi limene mukupuma mofulumira koma mukutha kulankhula. Amene ali ndi vuto la mtima, BP yokwera kwambiri, shuga, khunyu komanso amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani pomwepo ndipo mukapimidwe.

Tsiku lililonse musananyamuke, finyani matayala, yesani mabuleki, onani tcheni ndi zomangira magudumu. Mpweya woyenera umalembedwa m'mbali mwa tayala. Tcheni muzichipukuta ndi kansalu, kudonthezera mafuta pang'ono, n'kupukutanso otsalawo, chifukwa mafuta ochuluka amakoka fumbi limene limadya mano.

Wina akagwa

Mabala okalika atsukidwe ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo mpaka mchenga wonse utachoka, kenako aphimbidwe ndi nsalu yoyera. Musathiremo dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto. Bala lakuya kapena lodetsedwa likaonedwe kuchipatala, komwe akaonenso za katemera wa kafumbata. Munthu akagwera dzanja kapena phewa n'kumalephera kukweza mkono, mwina fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa lathyoka. Mangirirani mkonowo pachifuwa ndi chitenje n'kupita naye kuchipatala.

Amene wamenyetsa mutu, ngakhale adavala chipewa, asakwerenso njinga tsiku limenelo, ndipo pakhale womuyang'anira kwa masiku awiri, chifukwa magazi otayikira mkati mwa mutu amatha kuonetsa zizindikiro patapita maola. Thamangirani naye kuchipatala ngati adakomoka ngakhale pang'ono, akusanza, mutu ukupwetekerapwetekera, akusokonezeka kapena kuiwala zimene zachitika, akuodzera movuta kudzutsa, akugwidwa zinjenje, mkono kapena mwendo wafooka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi. Akamadandaula khosi kapena msana, kapena akati sakumva miyendo, musamudzutse kapena kumukweza panjinga. Mutu ndi khosi zikhale zosagwedezeka mpaka thandizo litapezeka.

Alangizi azaumoyo ndi odzipereka ali ndi mwayi wofikitsa uthengawu kusikelo ya ana, kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi ngakhalenso kumabanki a m'mudzi, kumene ndalama zogulira njinga zambiri zimachokera. Uthengawo ndi wa ndondomeko ya kagulidwe: patulani kaye ndalama ya chipewa, nyali ndi pampu, yotsalayo mugulire njinga ya msinkhu wa wokwerayo, ya mabuleki ogwira, imene zipangizo zake wokonza njinga wa kwanu amazipeza. Ndipo inuyo mukamalowa m'mudzi pa njinga yanu chipewa chili kumutu, ana amene amakuthamangirani aja amakhala akuona.